KUSANDUTSA MAKINA ONOLERA KUTI APALE MIYALA YA MTENGO WAPATALI

Dera la Tsangano, m'boma la Ntcheu, lidziwika m'Malawi muno chifukwa cha mbatatesi, tirigu ndi kuzizira kwake. Koma mapiri a Kirk Range, amene achita malire ndi Mozambique, asunganso chuma china pansi pa nthaka. M'chaka cha 1958, pa phiri la Chimwadzulu panapezeka miyala yolimba kwambiri yotchedwa corundum. Mwala umenewu ukakhala wofiira autcha ruby, ndipo ukakhala wa maonekedwe ena, monga a thambo kapena achikasu, autcha sapphire. Maboma enanso ali ndi miyala yao. Ku Mzimba kuli aquamarine, ndipo ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, kuli agate.

Mwala wongotola kumene sukhala ndi mtengo wofanana ndi mwala umene wapalidwa ndi kuwalitsidwa. Wokumba alandira pang'ono, phindu lalikulu lipita kwa amene aupala, ndipo kawiri kawiri ameneyo amakhala wa kunja kwa dziko lino. Nchifukwa chake anyamata ndi amai ena afunitsitsa kuphunzira luso limeneli. Makina eni eni opalira miyala ngokwera mtengo, koma pa malo ambiri a malonda apezeka makina onolera nkhwangwa, zikwanje ndi makasu, amene amisiri oocherera zitsulo amawatcha grinder. Makina otere angathe kuthandiza wophunzira, koma pokha pokha atawasintha. Kuika mwala pa makinawo monga momwe aliri ndi kuika pa ngozi maso, mapapo ndi moyo womwe.

KUSIYANA KWA CHITSULO NDI MWALA

Makina onolera anawapangira chitsulo, ndipo asiyana ndi makina a miyala pa zinthu zitatu.

Choyamba ndi liwiro. Pa magetsi a ESCOM makina ambiri onolera amazungulira pafupi fupi ka 2,900 pa mphindi imodzi. Gudumu la mainchesi 6 likamazungulira chotero, mkombero wake uthamanga koposa makilomita 80 pa ora, ngati galimoto pa mseu wa M1. Mwala sufuna liwiro lotere, chifukwa umatentha, nuchita ming'alu, kapena kupulumuka m'manja. Liwiro loyenera ndi theka lake, pafupi fupi 1,450.

Chachiwiri ndi gudumu. Gudumu lotuwa lija limene libwera ndi makina ndi la chitsulo basi. Pa mwala lidya mochedwa ndipo silikhalira kuterera.

Chachitatu ndi madzi. Chitsulo achinola chouma, koma mwala uyenera kupalidwa madzi akudonthera nthawi yonse. Tsono mota ya makina onolera iri pakati peni peni pa magudumu awiri, ndipo sanaitseke kuti ikane madzi. Apa ndi pamene pagona bvuto lalikulu.

KULIMBA KWA MIYALA

M'chaka cha 1812 katswiri wa ku Germany, Friedrich Mohs, anandandalika miyala monga mwa kulimba kwake, kuyambira 1 kufikira 10. Mwala wa nambala yaikulu ukanda mwala wa nambala yaing'ono. Galasi la botolo ndi mpeni ziri pakati pa 5 ndi 6. Mwala woyera wa quartz, umene upezeka m'minda ndi m'mitsinje yambiri, uli pa 7, pamodzi ndi amethyst ndi agate. Aquamarine ali pafupi ndi 8, ruby ndi sapphire ali pa 9, ndipo daimondi ali pa 10.

Gudumu lotuwa la makina onolera analiumba ndi aluminium oxide, chimene chiri chinthu chomwecho chimene chipanga ruby. Chotero munthu wofuna kupala ruby wa ku Chimwadzulu pa gudumu limenelo angotaya nthawi, pakuti ziwirizo nzolingana mphamvu. Magudumu a miyala ndi a mitundu iwiri. Pali a silicon carbide, obiriwira kapena akuda, amene ali otsika mtengo ndipo akwanira pa quartz ndi agate. Palinso achitsulo okutidwa ndi timibulu ta daimondi, okwera mtengo koma okhalitsa, ndipo ndiwo ayenera miyala yolimbitsitsa.

Pa gudumu liri lonse pamalembedwa nambala yosonyeza kukhakhala kwake. Nambala ikachepa, gudumu likhala lokhakhala kwambiri. La 100 ndi loumbira mwala, la 220 ndi losalazira. Wophunzira akhale ndi awiri amenewa.

PFUMBI LA MWALA

Quartz, amethyst ndi agate ndi silica yekha yekha. Akamazipala zouma, pamatuluka pfumbi losalala kwambiri, ndipo loopsa ndi lija limene maso saliona. Pfumbi limeneli litsika kufikira pansi pa mapapo, kumene chifuwa sichingathe kulitsokomola. Mapapo achita zipsera, nauma pang'ono pang'ono, kufikira munthu alephera kukwera ngakhale kamtunda kochepa osapumira. Nthendayi dzina lake ndi silicosis. Kawiri kawiri imaonekera patapita zaka 10 kapena kuposerapo, koma pfumbi likachuluka imafulumira. Ilibe mankhwala ochiza, ndipo munthu amene ali nayo sachedwa kudwala chifuwa chachikulu.

Nthenda imeneyi si yachilendo m'midzi ya m'Malawi. Abambo ambiri amene anapita ku migodi ya golide ku Joni pa ulendo wa Wenela ndi Theba anabwera nayo kwao. M'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linabvomereza kuti makampani 6 a migodi ya golide apereke chipukuta misozi chokwana R5 biliyoni kwa anchito odwala silicosis ndi chifuwa chachikulu, ndi kwa mabanja a amene anamwalira. Ku India, mu mzinda wa Khambhat, opala mikanda ya agate ambiri afa ndi nthenda yomweyi chifukwa chopala miyala youma m'nyumba zao, ndipo akazi ndi ana amene sanagwire mwala nkomwe anadwalanso.

Mpango womanga pa mphuno sutchinga pfumbi lotere. Chimene chitchinga ndi madzi, chifukwa amalisandutsa thope lisanauluke. Lamulo loyamba la nchitoyi ndi ili: madzi akatha, makina aime.

KASINTHIDWE KA MAKINA

Popeza madzi ayenera kufika pa gudumu koma osafika pa mota, nzeru yake ndi kulekanitsa ziwirizi. Makina onolera atsale ngati mota chabe, ndipo magudumu akhale pa shafiti yao yao.

Mmisiri ayambe wazula pulagi ku khoma, kenaka achotse magudumu onse awiri. Adziwe kuti nati ya ku manzere imamasuka mobwerera, mosiyana ndi manati ena. Ku nsonga imodzi amangeko pule ya mainchesi 2, ndipo nsonga inayo aibvundikire ndi chitini chokhomerera kuti isakole zobvala.

Kenaka apeze shafiti yoongoka bwino, yolingana ndi bowo la magudumu atsopano, ndi mabering'i awiri okhala ndi miyendo yomangira, onga aja a pa chigayo koma ang'ono ang'ono. Pakati pa shafiti aikepo pule ya mainchesi 4. Pule ya ku magudumu ikakula kawiri kuposa ya ku mota, liwiro litsika ndi theka, ndiye kuti 2,900 isanduka 1,450. Mazinga a manati pa shafitiyo adulidwe ndi mmisiri wodziwa, kuti nati izilimba pamene gudumu lizungulira, osati kumasuka.

Zonsezi zimangidwe ndi mabawuti pa thabwa lochindikala, ndipo thabwalo pa tebulo losagwedezeka. Mota ikhale kumbuyo, pa mtunda wosachepera theka la mita, ndiponso pokwererapo kuposa malo a madzi. Pakati pa mota ndi magudumu paimikidwe thabwa lotchinga, lokhala ndi mpata wongodutsa lamba. Lambayo abvundikiridwe ndi lata kapena matabwa, chifukwa lamba wapoyera adula chala msanga kuposa mpeni. Gudumu lizizungulira kuti mbali yoyang'ana munthu izitsikira pansi.

Makina ang'ono ang'ono onolera sanawapangire kuyenda tsiku lonse. Ambiri afuna kupuma pakatha theka la ora. Mota ikatentha koti dzanja silingakhalepo, iyenera kuzimitsidwa kufikira itazizira.

MADZI NDI MAGETSI

Wokhoma zidebe angathe kupanga chipewa cha lata chophimba gudumu liri lonse pamwamba, kumbuyo ndi m'mbali, kusiya mpata kutsogolo kokha. Pansi pakhale chibeseni cholandira madzi, chokhala ndi kapaipi kotsikira mu ndowa. Ndowa ina ya madzi oyera ipachikidwe pamwamba, cha ku mbali ya magudumu, osati pamwamba pa mota. Kuchokera m'ndowamo kapaipi kokhala ndi kampopi kadutse pa chipewa, kuti madzi azidonthera pa gudumu mosalekeza. Madzi a m'chibeseni asafike pokhudza gudumu.

Magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230, ndipo munthu wa manja onyowa, woima pa dothi lonyowa, angathe kufa nao nthawi yomweyo. Chifukwa chake mawaya aikidwe ndi mmisiri wa magetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA. Pulagi ikhale ya mano atatu, ndipo waya wachitatu, wa mizere yobiriwira ndi yachikasu, alumikizidwe ndithu ku thupi la mota. Mwambo wolowetsa mawaya awiri m'soketi ndi kuwapanikiza ndi kamtengo usachitike pa nchito iyi. Pakhalenso chozimitsa chokha chotchedwa RCD, cha 30 mA, chimene chimadula magetsi akangoyamba kudutsa kolakwika. Chiri ndi batani loyesera, ndipo liyenera kudinidwa nchito isanayambe. Swichi ikhale pa khoma, pouma, pamene dzanja lifika msanga. Wopala aime pa thabwa louma atabvala nsapato za mphira. Magetsi a jenereta ndi a dzuwa odutsa mu inveta apha chimodzi modzi ndi a ESCOM.

KUYESA GUDUMU

Gudumu la silicon carbide liri ngati mphika woocha. Likagwa lichita mng'alu wosaoneka, ndipo likasweka liri pa liwiro, zidutswa zake ziuluka ngati zipolopolo. Lisanamangidwe, mmisiri alipachike pa chala kapena pa chingwe liri louma, naligogode pang'ono ndi chogwirira cha mtengo. Labwino limalira ngati belu. Long'aluka limangoti phu, ndipo limenelo litayidwe. Aonenso nambala ya liwiro yolembedwa pa gudumupo, ndipo makina asapitirire nambala imeneyo.

Gudumu ligwidwe ndi timbale tiwiri tachitsulo tofanana kukula, ndipo pakati pa kambale ndi gudumu pakhale pepala lochindikala. Nati ilimbe mokwanira, koma osaikakamiza ndi nyundo. Poyatsa makina, munthu aime pambali kwa mphindi yathunthu, osati kutsogolo kwa gudumu. Ngati patsala chotsamirapo, mpata wake ndi gudumu usapose mamilimita 3. Mwala upalidwe pa mkombero, osati m'mbali mwa gudumu.

Gudumu lotere limamwa madzi. Likaima liri lonyowa, madzi atsikira mbali ya pansi, mbaliyo nilemera, ndipo poyatsanso makina amanjenjemera kapena kuswa gudumu. Tsono pomaliza nchito, kampopi katsekedwe poyamba, mwala uchotsedwe, gudumu lizungulire lokha mphindi zingapo kuti likunthe madzi.

KUPALA MWALA WOYAMBA

Wophunzira asayambe ndi mwala wa mtengo. Ayambe ndi quartz wa m'munda, amene akaonongeka palibe wolira. Aunyowetse ndi kuuyang'ana pa dzuwa, nasankhe wopanda ming'alu, waukulu ngati nsonga ya chala chachikulu. Maumbidwe oyambira ndi aja otchedwa cabochon, a phwatalala pansi, obulungira pamwamba ngati msana wa kamba. Miyala ya mbali zambiri zonyezimira ifuna makina ena oyesa ngodya, ndipo siipangika pa gudumu ili.

Pa gudumu la 100 asalaze pansi pa mwala, ajambulepo mzere wa dzira, napale m'mbali kufikira pafupi ndi mzerewo. Kenaka mwala umatidwe ku nsonga ya kamtengo kotalika ngati pensulo, ndi phula lolimba la opala miyala kapena guluu wa machubu awiri osakaniza. Kamtengoka kateteza zala, ndipo kathandiza kutembenuza mwala mofanana. Mwala ugunde gudumu kunsi pang'ono kwa pakati pake, ndipo uziyenda yenda pa mkombero wonse kuti gudumu lisakumbike ngalande. Dzanja lisakanikize. Gudumu ndilo lidye mwala.

Msana wa kamba ukaoneka, apite pa gudumu la 220. Pambuyo pake agwiritse nchito sandipepa wakuda wosaopa madzi, amene opopera penti magalimoto amagula, kuyambira wa 400, kenaka 600, kenaka 1,200, onse ali onyowa. Asanasinthe nambala atsuke mwala ndi manja omwe, chifukwa kambulu kamodzi kokhakhala kabwezera nchito yonse m'mbuyo. Aumitse mwala ndi kuuyang'anitsitsa. Mikwingwirima ikaoneka, abwerere pa nambala imene wachoka. Pomaliza, ufa wa cerium oxide wosakaniza ndi timadzi upakidwe pa chikopa chofewa, ndipo mwala ukhulidwe pamenepo mpaka uwale ngati galasi. Mwala woyamba ungathe kudya masiku awiri kapena atatu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

KUDZISAMALA PA NCHITO

Magalasi oteteza maso abvalidwe nthawi zonse, pakuti kachidutswa ka quartz nkakuthwa ngati botolo losweka. Nkhungu ya madzi youluka pa gudumu imanyamulanso silica pang'ono, chotero nchitoyi ichitikire pa chisakasa chopita mphepo, chosadontha, osati m'nyumba yogona. Chophimba pa mphuno cha mtundu wa N95 chionjezera chitetezo, koma sichilowa m'malo mwa madzi.

Magolovesi, malaya a manja otayirira, mikanda ndi nsonga za chitenje zimakoledwa ndi shafiti. Amai amange chitenje ndi mpango molimba. M'miyezi ya June ndi July, pamene ku Tsangano kuzizira koopsa, zala zimachita dzanzi m'madzi, ndipo munthu samva kuti gudumu likudya khungu lake. Nyengo imeneyo madzi a m'ndowa akhale ofunda pang'ono.

Thope la m'chibeseni likauma lisanduka pfumbi lomwe lija. Lichotsedwe likali lonyowa, likwiriridwe m'dzenje kutali ndi chitsime. Pansi asasesepo ndi tsache pouma, koma awaze madzi ndi kukolopa. Zobvala za nchito zichapidwe pa zokha, osazikuntha. Ana asasewere pafupi, ndipo pochoka pulagi izulidwe. Wopala miyala amene atsokomola kwa milungu iwiri apite ku chipatala, ndipo akanene kwa adokotala nchito imene amagwira.

KUMENE KULIBE MAGETSI

Midzi yambiri ya m'mapiri iribe magetsi, koma izi siziletsa kuphunzira. Shafiti yomwe ija ingathe kuzunguzidwa ndi njinga yakale yomangidwa pa matabwa, lamba akuchokera ku limu la kumbuyo lochotsa tayala. Wina apalase, wina apale, ndipo azisinthana. Nchito ichedwerapo, koma ngozi ya magetsi palibe. Malamulo a madzi, magalasi ndi kuyesa gudumu ali chimodzi modzi.

LAMULO NDI MALONDA

Monga mwa lamulo la migodi la chaka cha 2023, miyala yonse ya pansi pa nthaka ndi chuma cha dziko. Kukumba, kugula ndi kugulitsa miyala ya mtengo wapatali kufuna chiphaso cha Boma, ndipo malo amene anapatsidwa kale kwa mwini chiphaso sakumbidwa ndi munthu wina. Kudutsa ndi miyala pa malire a Mozambique popanda makalata ndi mlandu. Wofuna kuyamba nchitoyi afunse ku ofesi ya Bwanamkubwa ku Ntcheu, kumene adzamlongosolera njira yopezera chiphaso. Wofuna kudziwa mtundu wa mwala wake angathe kupita nao kwa akatswiri a Geological Survey ku Zomba. Safunsa anadya phula.

Miyala yoyamba siibweretsa ndalama zambiri, ndipo munthu asagulitse mbeu ya mbatatesi kapena ng'ombe poyembekeza kulemera msanga. Nkwabwino kuti anthu 5 kapena 6 asonkherane, agule mota imodzi, magudumu ndi RCD, namagwira nchitoyi m'chilimwe pamene za kumunda zachepa. Luso likakhwima, miyala yao idzayenera mphete, ndolo ndi mikanda. Koma gulu limene ndalama zake sizikwanira kugula zoteteza lidikire kufikira zitakwanira, pakuti gudumu lina ligulika m'sitolo, koma diso ndi mapapo sizigulika.

MAFUNSO A PA SUKULU NDI PA GULU

Aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu angathe kukambirana ndi anthu ao mafunso awa:

1. Nchifukwa ninji mota iyenera kukhala kutali ndi magudumu?
2. Mota izungulira ka 2,900 ndipo iri ndi pule ya mainchesi 3. Kodi pa shafiti pafunika pule ya mainchesi angati kuti liwiro litsike ndi theka?
3. Kodi gudumu long'aluka lidziwika bwanji lisanamangidwe?
4. Thope la m'chibeseni lichotsedwe liti, ndipo litayidwe kuti?
5. Kodi m'mudzi muno alimo akulu amene anagwira nchito ku migodi ya ku Joni? Apemphedwe kuti afotokozere achinyamata za pfumbi la mwala.